Za Dawe, Mdani wa Nazale ndi Munda

Inu eni mabanja a kwa Kaluluma, pofika mwezi wa September ambiri a inu mufuna malo a nazale ya fodya m'mphepete mwa madambo. Musanagwire khasu, tcherani khutu ku mau awa onena za dawe, pakuti iye wosamzindikira apereka mbande zake kwa mdani.

Kuzindikira kwake

Dawe aoneka ngati udzu, koma sali udzu ai. Ali mbale wake wa mlulu ndi gumbwa. Thyolani phesi lake, mulipotokole pakati pa zala. Phesi la udzu lili lobulungira ndi la mfundo, koma la dawe lili ndi ngodya zitatu, lopanda mfundo, ndipo masamba ake atulukira mbali zitatu.

Mitundu yake yosautsa alimi ili iwiri, ndipo Linnaeus wa ku Sweden anaipatsa maina m'chaka cha 1753. Woyamba, Cyperus rotundus, ali ndi ngayaye zofiirira. Mukakumba mudzapeza timbatata takuda, towawa, tolumikizana ngati mikanda pa chingwe. Wachiwiri, Cyperus esculentus, ali ndi ngayaye zachikasu, ndipo timbatata take tili totsekemera, kamodzikamodzi pa nsonga ya muzu.

Kumene apezeka

Musayese kuti tsoka ili lagwera Kasungu yekha. Wofiirirayo asautsa alimi m'maiko opitirira 90, makamaka otentha monga India ndi Africa muno. Wachikasuyo apirira chisanu, chotero afika ndi ku North America, mpaka ku Canada. Aigupto akale anali kudya timbatata take, ndipo ku Valencia m'dziko la Spain amlima dala. Koma kwa ife, m'munda wa fodya, ali mdani basi.

Kuipa kwake

Dawe alanda madzi ndi chakudya cha m'nthaka pamene mbande zikali zanthete. Ndiponso mizu yake isunga tianyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene titupitsa mizu ya fodya. Mukadula masamba okha, kambatata kalikonse kotsala pansi kaphukanso.

Zoyenera kuchita

1. Posankha malo a nazale, yambani mwakumba pang'ono apa ndi apo. Mukapeza timbatata, funani malo ena.

2. Galauzani munda m'chilimwe, kuti dzuwa la October liumitse timbatata. Wofiirira afa msanga potero, koma wachikasu alimba, ndiye mumtole ndi manja ndi kumtentha.

3. Musataye dawe wozulidwa m'dzenje la manyowa, pakuti mudzamnyamula nokha kubwerera naye kumunda.

4. Pozula mbande, penyetsetsani dothi la ku mizu, kuti mungasamutse mdaniyo pamodzi ndi fodya.

5. Palirani kawirikawiri, asanathe masabata atatu, kuti asapeze mpata wakubala timbatata tatsopano.

6. Dawe adana ndi mthunzi. Pamene wachuluka bzalanipo mbatata, maungu kapena kalongonda, kuti masamba aphimbe nthaka.

Ntchito iyi siitha chaka chimodzi, koma musafooke; akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Itanani ana anu, muwaonetse phesi la ngodya zitatulo, ndipo muwerengere mau awa anansi anu osadziwa kuwerenga, pakuti dawe wa m'munda wa mnzanu salemekeza malire.