Makina ochekera mitengo oyenera achikulire

Alimi anzanga, ambiri mwa inu achikulire a ku Madisi ndi kumapiri a Dowa ndi Ntchisi muli ndi bulugamu ndi keshya wanu, koma nkhwangwa yayamba kukulemerani. Langizo langa ndi ili: pogula makina ochekera mitengo, musatengeke ndi ukulu wake. Yang'anani kulemera ndi kalizidwe kake.

Makina a petulo amafuna kukoka chingwe mwamphamvu kuti alire, ndipo amanjenjemeretsa manja. Petulo wakenso amafunika kusakaniza ndi oyilo: pa makina ambiri a Stihl ndi Husqvarna, mamililita 100 a oyilo m'malita 5 a petulo.

Makina a batire amalira mukangodina, ndipo ang'onoang'ono ake ndi opepuka. Sankhani a mpeni wa masentimita 25 mpaka 30, wokwanira kudula nkhuni, nsichi ndi mapaso a chigafa. Musanalipire, anyamuleni kwa mphindi zingapo. Mikono ikatopa, asiyeni. Vuto lake ndi kutchaja: pamafunika magetsi a ESCOM kapena sola yamphamvu. Ngati mulibe, sowo wamanja wakuthwa akukwanirani.

Pocheka gwirani ndi manja awiri. Musachekere kunsonga kwa mpeni, chifukwa makina amadumphira kumaso. Musacheke nthambi yopitirira mapewa anu, ndiponso musagwire ntchitoyi muli nokha. Mtengo waukulu asiyireni odziwa kugwetsa.

Kumbukirani kuti lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo m'nkhalango ya boma ya Ntchisi popanda chilolezo. Dulani yanu yodzala, mmunsi, kuti zitsa ziphukirenso.