Mkeka wa Amayi ndi Kapeti ya Ngongole



Nyengo ino ambiri tikumanga zikwama, ena kupita ku koleji koyamba, ena kubwerera. Ndiye ndati lero tikambirane za katundu wa m'chipinda: matiresi, ndowa, mapoto, makatani. Wina anena kuti, "Aaa, nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi Deen?" Inenso ndinkaganiza choncho, mpaka kachipinda kena ku Chikanda, ku Zomba, kanandilowetsa mu riba.

Kwathu ndi ku Mtakataka, ndipo bambo amalima mpunga ku sikimu ya Bwanje. Ndinanyamuka kumayambiriro kwa 2024, zinthu zitakwera mitengo kutsatira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bambo anagulitsa mpunga n'kundipatsa ya lendi ndi yodyera. Amayi anandimangira mkeka wa mlaza, ndowa, mapoto awiri, mthiko ndi birika. Kunena zoona, njira yonse, Golomoti, Sharpevale, Balaka mpaka Liwonde, ndinkachita nawo manyazi mkekawo. Nditafika ndinaupinda n'kuuimika kuseri kwa chitseko.

Chipinda chake chinali masitepe anayi mulitali, atatu mulifupi. Windo limodzi, babu limodzi, soketi imodzi. Tinkakhalamo awiri, ine ndi mnyamata wina wa ku Mulanje, Mkhristu, amene anabwera ndi matiresi ndi chikwama basi. Sabata yachiwiri ndinakacheza m'chipinda cha anzathu ena. Munali kapeti, bedi, sipika yaikulu, timagetsi tophethira kukhoma. Nditabwerera kwathu mtima unayamba kundinong'oneza kuti, "Aise, ukukhala ngati uli ku dimba."

Ndinapita kwa munthu wa katapila. Anandipatsa K80,000 yoti ndibweze K120,000 pakutha pa mwezi, chikole chake laputopu imene amalume ananditumizira kuchokera ku Johannesburg. Ndinagula kapeti, sipika ndi makatani onyezimira. Mwezi unatha, ndalama imene ndinkayembekezera sinabwere. Mwezi wachiwiri ngongole ija inafika K180,000. Tsiku lina ndikuchokera ku Swala ya Asr ndinapeza mkulu uja ndi anzake awiri atakhala pakhonde, akudikira laputopu, m'mene munali manotsi anga onse.

Amene anandipulumutsa ndi mnzanga wa ku Mulanje uja. Anawapempha masiku atatu, n'kundibwereka ndalama yake popanda chiwongoladzanja. Sipika tinaigulitsa pa theka la mtengo wake. Yotsalayo ndinachita kuimbira foni kumudzi. Bambo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, tinakutuma sukulu kapena tinakutuma kukatsegula resitihausi?" Anagulitsa mpunga umene anasungira banja pa Ramadhan. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi, mtima umandiwawa.

Nanga kapeti ija? Mvula inalowa pansi pa chitseko, kapeti inanyowa, inayamba kununkha chinyontho, moti sindikanathanso kuswalirapo. Tinaitaya. Fajr yotsatira ndinatulutsa mkeka wa amayi kuseri kwa chitseko.

Nazi zimene ndinaphunzirapo.

1. Siyanitsani chofunika ndi chongokhumbira

Ku madrasah tinaphunzira kuti Qur'an yolemekezeka imaletsa israf, kumene ndi kuononga chuma mopyola muyezo. Mu Surat Al-Isra, ndime 26 ndi 27, omwaza chuma mosasamala akutchulidwa kuti ndi abale a asatana. Mu Surat Al-Furqan, ndime 67, akapolo abwino a Allah akuyamikiridwa chifukwa samwaza komanso saumira, amakhala pakatikati. Ndime zimenezi ndinaziloweza ndili mwana, koma ndinkaziona ngati zikunena anthu a magalimoto. Sindinkadziwa kuti israf imathekanso ndi K80,000 yobwereka.

Imam Bukhari ndi Imam Muslim analandira nkhani ya Umar bin Khattab (RA), amene analowa m'chipinda cha Mtumiki (SAW) n'kupeza mkeka utamudinda zizindikiro m'nthiti, ndipo Umar analira. Mayi Aisha (RA) anafotokozanso kuti chogonera cha Mtumiki (SAW) chinali chachikopa, chofutsidwa ndi ulusi wa mtengo wa tende. Apa sakutiuza kuti matiresi ndi haramu, ayi. Akutiuza kuti wolemekezeka kuposa zolengedwa zonse sanachepe ulemu chifukwa cha mkeka.

Zofunika zenizeni ndi izi: matiresi, neti ya udzudzu, loko wolimba, ndowa ziwiri (ya chivindikiro ya madzi akumwa, ndi ina yosambira ndi kuchapira), birika la wudhu, mapoto awiri, mbale, makapu, mbaula kapena hotipuleti, tochi kapena kanyale ka sola, ndi katebulo kowerengerapo. Bedi ingadikire. Yalani mkeka kapena makatoni pansi pa matiresi kuti isakoke chinyontho cha simenti, ndipo muziiimika masana. Shelefu ndi thabwa limodzi pa njerwa zinayi. Chitenje ndi katani wokwanira, komanso chimadula chipinda pakati wina akafuna kusintha zovala. Chingwe ndi misomali iwiri zimagwira ntchito ya wadilopu, bola mupemphe kaye kwa alandilodi musanakhome.

2. Yambani ndi malo oswalira

Ife tinalakwitsa poyamba ndi kufunsa kuti sipika ikhala pati. Funso loyamba likhale lakuti: ndiziswalira pati? Kuno ku Malawi Qibla ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Ipezeni tsiku loyamba lomwe, kaya ndi kampasi ya mufoni kaya poona mmene wayang'anira mzikiti wapafupi, kenako yalani katundu wina mosiya malo oti munthu n'kugwetsa mphumi pansi osagunda ndowa. Khoma la ku Qibla lisakhale ndi zithunzi. Nsapato zizithera pakhomo. Msahafu ukhale pa shelefu yapamwamba, osati pansi pa mulu wa manotsi.

Mtumiki (SAW) anatilangiza kuti tiziswali zina mwa Swala zathu kunyumba kuti nyumba zathu zisasanduke manda. Anyamata, Swala za faradhi tikaswalire ku mzikiti pa jamaa, koma za sunnah ndi witr zili ndi malo ake m'kachipinda komweko. Alongo athu, kwa inu malo amenewa ndi ofunika koposa. Ndaona kuti ngati kuswali kukufuna kuti uyambe wasuntha tebulo, matiresi ndi mapoto, ulesi umapeza polowera, makamaka pa Fajr.

3. Katapila ndi riba, ngakhale wobwerekayo ndiwe

Ine ndinkadzinamiza kuti tchimo ndi la wobwereketsa. Koma mu hadith ya Jabir (RA) imene analandira Imam Muslim, Mtumiki (SAW) anatemberera wodya riba, woipereka, woilemba ndi mboni zake ziwiri. Ndipo kumapeto kwa Surat Al-Baqarah, ndime 275 mpaka 279, nkhani ya riba yafika mpaka potchula nkhondo yochokera kwa Allah ndi Mtumiki Wake. Ine sindinabwereke chifukwa cha njala kapena matenda. Ndinabwereka chifukwa cha kapeti.

Onaninso masamu ake. Katapila wa theka pa mwezi amasandutsa K80,000 kukhala K120,000, kenako K180,000, mwezi wachitatu K270,000. Pamene ngongole ikukwera chonchi, katundu amene wagulayo akutsika mtengo. Walira mvula walira matope.

Njira zina zilipo. Pemphani m'bale akubwerekeni popanda chiwongoladzanja. Chitani chipereganyu ndi anzanu odalirika, anayi kapena asanu, aliyense azilandira mwezi wake. Kapena ingodikirani, muzigula chinthu chimodzi pa mwezi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha. Ndipo amene munalowamo kale, musabise. Uzani makolo kapena shehe wanu lero, chifukwa tsiku lililonse lamanyazi likuwonjezera ndalama. Kenako lapani kwa Allah, khomo la tawbah ndi lotsegula.

4. Zakale si zonyozeka, koma gulani ndi maso

Nthawi yabwino yogula ndi kumapeto kwa semesita, pamene omaliza maphunziro akugulitsa matiresi, matebulo ndi mahotipuleti kuti asavutike nazo pa basi. Mabulangete ndi nsalu zoyala pezani pa kaunjika. Koma matiresi yakale muziiyang'ana m'misoko. Mukaona timadontho takuda, dziwani kuti muli nsikidzi, ndipo zikalowa m'chipinda kuzitulutsa ndi nkhondo. Nsalu zakale zichapeni ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa musanagonere. Chamagetsi chilichonse chiyeseni pomwepo, ndipo cha mawaya osenda chisiyeni.

Ife a kunyanja tili ndi mwayi wina. Mikeka, mphasa, madengu, mithiko ndi zipande zimapangidwa kwathu konkuno, ndipo m'mbali mwa msewu wa M5 zimatsika mtengo kusiyana ndi m'tauni. Tengani kumudzi. Ndalamayo itsala m'manja mwa anthu akwathu.

Pamalonda pamenepa palinso Deen. Laputopu kapena foni yotsika mtengo modabwitsa, yopanda chaja, wogulitsayo akuyang'ana uku ndi uku, musaigule, mwina mwini wake akulira m'chipinda china. Mnzanu akamagulitsa chifukwa chopanikizika, musamufinye mpaka magazi. Ine ndinalawapo ululu wake tsiku la sipika lija. Nanunso pogulitsa nenani chilema cha katundu wanu. Kumbukirani wogulitsa chakudya uja amene anabisa chonyowa pansi pa mulu, Mtumiki (SAW) n'kumudzudzula kuti wachinyengo sali mwa ife.

5. Lembani, ngakhale muli pa ubale

Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an, Al-Baqarah 282, ikunena za kulemba ngongole. Mnzanga atandibwereka ndalama ndinamuuza zimenezi, ndipo tinagula kope la K500. Tinalembamo ngongoleyo ndi tsiku lobweza, anzathu awiri n'kuchitira umboni. Kenako tinayamba kulembamo zonse: wagula mayunitsi a magetsi ndani, makala ndani, tebulo tinasonkherana zingati, ndipo tikamadzasiyana adzatenge ndani n'kumubwezera mnzake zingati. Maubale ambiri a pa koleji amathera pa hotipuleti imodzi tsiku losamuka.

Tinagwirizananso zina. Ndinamufotokozera za halali ndi haramu, ndipo iye mwini anati nyama ya nkhumba sizilowa m'chipinda chathu. Ndiwo tikamaphikira limodzi, nyama ndimakagula ndine. Inenso ndinalonjeza kuti alamu ya Fajr ndiziizimitsa ikangolira, ndizigwiritsa tochi osati babu, ndipo iye akamawerenga Baibulo lake kapena kupemphera, ine chete. Surat An-Nisa, ndime 36, ikutilamula kuchitira zabwino mnansi wapafupi, mnansi wapatali ndi mnzathu wokhala naye pambali. Kodi alipo wapambali woposa amene mukupumira naye mpweya umodzi usiku wonse? Mtumiki (SAW) ananena kuti Jibril anapitiriza kumulangiza za mnansi mpaka anaganiza kuti amupatsa gawo pa chuma chamasiye. Ine ndinapita ku Zomba ndikuganiza kuti ndikamuonetsa mnzangayo khalidwe la Chisilamu. Mapeto ake ngongole yopanda riba ndinaiona kwa iyeyo.

6. Mbaula isagone m'chipinda

Ili ndi la moyo ndi imfa. Ife a ku Mtakataka tinazolowera kutentha, ndiye kuzizira kwa ku Zomba mu Juni ndi Julayi kumatipweteka. Mayesero amakhala olowetsa mbaula n'kutseka windo. Musayerekeze. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Phikirani panja kapena pakhomo potsegula. Kandulo zimitsani, hotipuleti zulani ku soketi, ndipo soketi imodzi musaisenzetse hotipuleti, ayironi ndi ketulo nthawi imodzi. Mtumiki (SAW) anatilamula kuti tisasiye moto m'nyumba tikamagona. Ndi sunnah, ndipo imapulumutsa miyoyo.

Pomaliza

Matenda anga sanayambire kwa wakatapila. Anayambira m'maso, tsiku limene ndinalowa m'chipinda cha anzathu chija. Mankhwala ake ali mu hadith ina ya kwa Imam Muslim, yotilangiza kuyang'ana amene ali pansi pathu pa za dziko, osati amene ali pamwamba, kuti tisanyoze mtendere umene Allah watipatsa. Alipo anzathu amene anakhoza bwino MSCE koma ali kumudzi chifukwa cha fizi. Alipo ogona anayi m'chipinda ngati chathu. Ine ndinali ndi denga, mkeka ndi makolo ondipempherera, koma ndinkadziona wosauka.

Choncho musanatulutse ndalama, dzifunseni mafunso atatu. Kodi chinthuchi chindithandiza kuswali, kuwerenga, kudya kapena kugona? Kodi ndalamayi ndi yanga, ndipo ndi ya halali? Kodi ndikanachigula pakanakhala kuti palibe wobwera kudzachiona?

Ndipo inu akuluakulu amene mukumaliza chaka chino, si zonse zogulitsa. Ndowa, poto kapena katebulo, mpatseni wa chaka choyamba amene wafika ndi chikwama chokha. Imeneyo ndi sadaka, ndipo mwina mumutchinjiriza ku khomo limene ndinagogoda ine.

Ngongole ya mnzanga ndinamaliza kubweza patatha miyezi inayi, tinakhwatcha m'kope muja. Mkeka wa amayi ulipobe, wayamba kutha m'mphepete. Nditapita kumudzi pa holide ndinawapempha kuti andipezere wina. Anaseka n'kunena kuti, "Si uja unkachita nawo manyazi?" Kani anaona.

Allah atipatse mitima yokhutira ndi zimene watipatsa, atitalikitse ku riba ndi ku ngongole zolemetsa, awalipire makolo athu pa thukuta lawo, ndipo aike baraka m'tizipinda tathu ndi m'maphunziro athu. Ameen.

Pamene ndalondola ndi chifukwa cha Allah, pamene ndalakwitsa ndi ine mwini. Wassalam alaikum warahmatullahi wabarakatuh.