Mlongoti ndi eriyo ya wailesi ya amateur: kaimikidwe ndi kasamalidwe

Kapepala aka nkothandiza magulu a achinyamata, aphunzitsi a sayansi ndi aliyense amene watenga kapena akufuna kutenga chiphaso cha wailesi ya amateur. Wailesi imeneyi siulutsa nyimbo kapena mauthenga a maliro ngati wailesi za m'madera, komanso malonda saloledwa. Ndi yolankhulirana anthu amene ali ndi chiphaso, popanda kudalira nsanja za mafoni kapena intaneti. Kuno ku Malawi chiphasocho chimachokera ku MACRA, ndipo dzina lanu la pa wailesi limayamba ndi 7Q. Mukamva 9J ndiye kuti ndi mnzathu wa ku Zambia, C9 ndi wa ku Mozambique.

Amene anali m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mapolo a magetsi ndi kukokolola milatho, akudziwa kuwawa kwa foni yoti siikugwira pamene abale ali pamavuto. Wailesi ya batire ndi sola imalankhulabe nthawi ngati imeneyo, bola eriyo ili chiimire. Vuto nlakuti ambiri ndalama zonse amathera pa wailesi, eriyo nkungoikoleka pa nsungwi yomanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Langizo lalikulu la kapepala kano ndi ili: mangani mlongoti woti muzitha kuugoneka pansi mukafuna kukonza kanthu, kuti pasakhale wokwera.

Musanakumbe dzenje

Yambani mwayang'ana kumwamba. Mlongoti ukagwa, kapena ukakupulumukani poudzutsa, usathe kufika pa mawaya a magetsi mbali iliyonse. Siyani mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwake: mlongoti wa mamita 11 utalikirane ndi mawayawo mamita 22. Paipi yachitsulo ikakhudza waya wa 11 kV kapena 33 kV, onse amene aigwira amapsera pomwepo, ndipo ngakhale kawaya kolowa m'nyumba kamapha. Waya wa eriyo usadutse pamwamba kapena pansi pa waya wa magetsi, ngakhale malo atachepa bwanji. Ngati malo sakulola, sinthani malo.

Kenako kambiranani ndi anthu. Kumudzi adziwitseni amfumu ndi oyandikana nawo, chifukwa mphenzi ikadzagwa m'mudzimo, ngakhale kutali ndi inu, chala choyamba chidzaloza mlongoti wanu. M'tauni funsani kukhonsolo, ndipo ngati muli pafupi ndi bwalo la ndege monga la ku Chileka kapena la Kamuzu ku Lumbadzi, funsaninso akuluakulu a zandege.

Utalike bwanji?

Anthu amakonda mlongoti wautali, koma kutalika sikupindula mmene amaganizira. Pa 144 mpaka 146 MHz mafunde amayenda molunjika, ndipo pamalo athyathyathya eriyo ya mamita 9 m'mwamba imaona pafupifupi makilomita 12. Kuti ione mtunda wowirikiza kawiri, pafunika mlongoti wa mamita 36, kutalika kanayi. Kuli bwino kusankha kachitunda kusiyana ndi kuwonjezera mapaipi.

Pa 7 MHz zinthu nzosiyana, ndipo zimatikomera ife a dziko lamapiri. Eriyo yawaya yokhala m'munsi, mamita 6 mpaka 10 kuchokera pansi, imaponya mafunde ake kumwamba. Iwo amakagunda mlengalenga nkubwerera pansi, kugwera dera la makilomita mazana angapo mozungulira. Munthu wa kuseri kwa phiri la Mulanje atha kulankhula ndi wa ku Lilongwe phirilo osatchinga kanthu. Masana gwiritsani ntchito 7 MHz, usiku tsikirani pa 3.5 MHz. Pa ntchito yolankhulana m'dziko momwe muno, mlongoti wa mamita 10 kapena 11 ngokwanira.

Kapangidwe ka mlongoti wogoneka

Gulani mapaipi awiri agalavanaizi a mamita 6, ina ya mamilimita 50, ina ya 40. Yaing'onoyo imalowa mu yaikulu. Ilowetseni mita imodzi, mubowole, mumange ndi mabawuti awiri opingasana. Musalumikize mapaipi ndi soketi yamazinga ngati ya mipope ya madzi, chifukwa pa mazingapo chitsulo nchopyapyala ndipo mphepo imathyolera pomwepo. Pamwamba tsekanipo kuti mvula ndi mavu zisalowe, ndipo m'munsi bowolani kabowo kotulutsira madzi. Paipi yosunga madzi imachita dzimbiri m'kati, kunja ikuoneka yabwinobwino.

Pa tsinde kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse ndi 80 kuya. Imikanimo zitsulo ziwiri zokhuthala motalikirana pang'ono kuti paipi ikhale pakati, zitulukire pamtunda pafupifupi mita. Thirani konkire wa muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi itatu ya kwale, ndipo muziuthirira madzi masiku 7 musanaupatse katundu. Bawuti yaikulu yodutsa zitsulo ziwirizo ndi paipi m'munsi ndiyo mlongoti uzitembenukirapo. Ina ya pamwamba pake ndi youtsekera ukaima. Wowotcherera akamaliza, pakani penti paliponse pamene moto wadutsa, pakuti pamenepo galavanaizi wapsa ndipo dzimbiri limayambira pomwepo.

Polo ya bulugamu imagwiranso ntchito, koma ikhale yothiridwa mankhwala ndipo isakhudze dothi. Imangirireni pa zitsulo zomwezo. Mukaikwirira m'nthaka mwaitanira chiswe.

Zingwe zokoka ndiye moyo wa mlongoti

Mphepo ikawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake pa mlongoti imawirikiza kanayi. Ndiye musayese mlongoti wanu ndi kamphepo ka tsiku limene mukuuimika. Ganizirani mwera wa m'mbali mwa nyanja nthawi yozizira, ndi chimphepo cha mvula yoyamba chimene chimasasula madenga a sukulu.

Mlongoti wongoima umatheka ndi zingwe zitatu, koma wogoneka umafuna zinayi: ziwiri za m'mbali zimakhala zokungika nthawi yonse imene mukuudzutsa, ndipo ndizo zimauletsa kupendekera kumanzere kapena kumanja. Mangani zingwezo pawiri, polumikizira mapaipi ndi pafupi ndi nsonga. Zikhomo zikhale pafupifupi mamita 7 kuchokera pa tsinde, m'konkire, zitapendekera kumene chingwe chikukokera. Mu mchenga kapena m'dothi la kudambo kulitsani dzenje, chifukwa dothi likakhuta madzi chikhomo chimazuka mosavuta.

Chingwe chabuluu chija chomangira katundu pamsika musachikhulupirire. Dzuwa limachidya, ndipo pakapita nthawi mukachipotokola chimangotuluka fumbi. Gulani chingwe chakuda cha polyester kapena waya wachitsulo wagalavanaizi wa mamilimita 4 kapena 5. Waya amamangidwa ndi timakilampu titatu kumapeto kulikonse, ndipo apa anthu ambiri amatembenuza. Kakilampu kali ndi mbali ziwiri: kabawuti kopindika ngati U ndi kachitsulo kathyathyathya. Kopindikako kapanikize kamchira kotsala, kathyathyathyako kakhale pa waya wonyamula katundu. Mukasemphanitsa, waya wonyamulayo amaphwanyika pang'onopang'ono. Pa chikhomo chilichonse ikani turnbuckle yokungira, ndipo mukakunga pisani kawaya kuti isamasuke yokha. Osakunga mopitirira, paipi imapindika. M'munsi mwa zingwe vekani tizidutswa ta paipi yoyera kuti ana ndi oyenda usiku aziona, ndipo ng'ombe zisamadzikandepo.

Dzutsani mlongoti m'mawa kusanayambe mphepo. Mapaipi awiriwo amalemera pafupifupi makilogalamu 50. Pakhale anthu asanu: awiri okankha ndi mitengo yamphanda, wina wokoka chingwe chakutsogolo, wina wogwira chakumbuyo, ndi mmodzi wolamula amene sagwira kanthu. Ana akhale patali.

Eriyo yeniyeniyo

Pa nsonga mangani kamkono ka theka la mita, ndipo kumapeto kwake kolekani kagudumu ka chingwe kuti eriyo muziikweza ndi kuitsitsa monga mmene ana asukulu amachitira ndi mbendera. Mukatero ntchito zambiri muzichita osagoneka nkomwe mlongoti.

Eriyo yoyambira ndi dipole: mawaya awiri ofanana, chingwe cha coax cha 50 ohm chitalumikizidwa pakati. Waya wa magetsi a m'nyumba wa 1.5 kapena 2.5 mm² ngokwanira. Kuti mupeze kutalika konse m'mamita, gawani 143 ndi MHz imene mukufuna. Pa 7.1 MHz mupeza mamita 20.1, ndiye kuti mbali iliyonse ipose pang'ono mamita 10. Pa 14.2 MHz ndi theka lake. Dulani motalikirapo. Pakati kwezani pa mlongoti, mapeto awiriwo atsike motambasuka, mutaikapo kachidutswa ka paipi ya pulasitiki pakati pa waya ndi chingwe chomangira. Mapetowo akhale pamwamba poti munthu sangafikire, mamita 3 kapena kuposa, chifukwa mukamalankhula pamakhala magetsi otentha chala.

Yesani ndi mita ya SWR pa mphamvu yochepa. Ngati SWR ikutsika kwambiri m'munsi mwa pamene mukufuna, waya watalika. Pindani masentimita 10 mbali zonse ziwiri, muyesenso. Pindani, musadule, mpaka mutakhutira. Ikafika pansi pa 2:1 yambani kulankhula. Kulimbana kuti ifike 1:1 nkutaya nthawi, wakumva kutali sangasiyanitse.

Mdani wa coax ndi madzi. Akalowa pa pulagi amayenda m'kati mwa timawaya toluka tija, timasanduka tobiriwira kapena takuda, ndipo mphamvu ya wailesi imathera m'njira. Kulungani polumikizira paliponse ndi tepi yamphira yodzimata yokha, pamwamba pake tepi wamba yakuda. Coax isanalowe m'nyumba, itsitseni kaye m'munsi mwa bowo kenako ikwere, kuti madzi adonthere panja.

Mphenzi

Palibe chida chimene chimaletsa mphenzi kugwa. Chimene mungachite nkuipatsa njira yaifupi yopita m'nthaka. Khomani ndodo yokutidwa kopa ya mamita osachepera 1.5 pafupi ndi tsinde, muilumikize ku mlongoti ndi waya wa kopa wa 16 mm², wamfupi ndi wosapindapinda. M'dothi louma kapena lamiyala khomani ndodo ziwiri kapena zitatu motalikirana, muzilumikize. Ndodo ina ikhale polowera coax m'nyumba, ndipo zonsezi zilumikizane ndi ethi ya nyumba. Ntchito imeneyi itanirani wa zamagetsi wodziwa. Waya wa kopa amakopa akuba, choncho mukwirireni ndipo wowonekerayo mupake penti.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo zolowerani kuzula coax mukangomaliza kulankhula, osadikira bingu. Izuleni panja, isiyeni kutali ndi khoma. Kukayamba kung'anima musaigwirenso.

Kusamalira

Mu Okutobala, mvula isanagwe, gonekani mlongoti muuyendere kuyambira nsonga mpaka tsinde. Mangitsani mabawuti, pakani girisi pa turnbuckle ndi pa bawuti yotembenukirapo, palani dzimbiri mupake penti. Yendetsani kansalu pa waya wokoka: kakakodwa, ndiye kuti timawaya tina taduka, sinthani waya yense. Pa chikhomo chilichonse fukulani dothi pang'ono, chifukwa chitsulo chimadyeka kwambiri pamene chakumana ndi nthaka, malo amene maso saona. Onani ngati makoswe sanatafune coax kudenga. Lembani SWR m'kabuku. Ikadzasintha popanda chifukwa, yambani kukayikira madzi pa pulagi. Bwerezani zonsezi mvula ikatha, ndiponso pakadutsa chimphepo.

Chilimwe chili ndi vuto lake. Moto wa osaka mbewa ukafika, chingwe cha polyester ndi coax zimasungunuka nthawi yomweyo. Lambulani udzu mozungulira tsinde ndi zikhomo zonse udzu ukangouma.

Za nsanja

Nsanja yachitsulo yonyamula eriyo yaikulu yozungulira si ntchito yongoyerekeza. Maziko ake atsate pepala la amene anaipanga kapena injiniya, ndipo nsanja yakale yogula kwa wina iyesedwe kaye dzimbiri m'miyendo. Wokwera akhale wophunzitsidwa, avale lamba wa thupi lonse wokhala ndi zingwe ziwiri kuti china chizikhala chokoleka nthawi zonse, wailesi ikhale yozimitsa, ndipo pansi pakhale mnzake wovala chipewa cholimba amene waima patali ndi pogwera sipanala.