Bwanji apongozi amakana mbewa koma dzombe amadya?

Abusa,

Kwathu ndi ku Tsangano koma ndinakwatiwa ku Furancungo, m'boma la Macanga, m'banja losunga Sabata. Tsiku lina ndinagula mpani wa mbewa, apongozi anga aakazi n'kutaya mphika womwe ndinaphikira. Nkhumba ndi mlamba salawa, koma dzombe amakazinga okha. Ndikafunsa amangoti ndi malamulo a Mose. Kodi malamulowa ali ndi chifukwa chomveka?

Mayi wothedwa nzeru, Furancungo

Mayi,

Apongozi anuwo sakupeka ayi. Levitiko 11 imaletsa nkhumba poti sibzikula, imaletsa nsomba zopanda mamba monga mlamba, mbewanso imaitchula, dzombe n'kuliloleza. Koma chomwe kubzikula kumayeretsera nyama, mutuwo sufotokoza. Umangoti anthu akhale oyera.

Eni malamulo, Ayuda, funso lanuli akhala akulimbana nalo kuyambira kale. Mwa malamulo awo 613, ena ndi omveka okha, monga oletsa kuba ndi kupha. Ena amawatcha chukim, malamulo osanenedwa chifukwa chake: nkhumba, kuvala nsalu yosakaniza ubweya ndi bafuta, phulusa la ng'ombe yofiira la pa Numeri 19. Mphunzitsi wawo Rashi wa ku France, yemwe anamwalira mu 1105, ankati amenewa ndi mawu a Mfumu, ndipo munthu satsutsana nawo. Maimonides, dotolo wa ku Egypt yemwe anamwalira mu 1204, ankati lamulo lililonse lili ndi chifukwa, vuto ndi nzeru zathu zoperewera. Nkhumba ankaiimba mlandu wa uve.

Apa ndi pomwe ambiri timathamangira, timvekere nkhumba ili ndi njoka zam'mimba. Isaac Abarbanel, wobadwira ku Lisbon mu 1437, anakana zimenezo: odya nkhumba ankawaona ali ojintcha, ndipo mabuku a Mose si buku la mankhwala. Inenso ndili kumbali yake. Ku Tsangano kwanuko anthu akalamba akudya nkhumba, n'kumasenzabe matumba a mbatatesi.

Inu nomwe munalangizidwa kuti musathire mchere m'ndiwo muli kumwezi. Anamkungwi anangoti mdulo, ndipo munamvera musanamvetse. Ayuda ambiri amateronso: amasunga lamulo, chifukwa chake n'kumachifufuzabe.

Tsono zifukwa zina zimamveka, zina ndi zongoganizira. Musakangane ndi apongozi pa zomwe aphunzitsi a Ayuda sanagwirizane. Pemphani bambo a kunyumba akugulireni mphika wina, ndipo mbewazo muzikadya mukapita kwanu.

Abusa