Za Kupereka Thandizo pa Tsoka: Tipereke m'Manja mwa Yani?

M'mwezi wa March 2023 namondwe wochedwa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kucokera m'phiri la Soche, nakwirira nyumba za ku Chilobwe. Ndipo m'dziko lonse anafa anthu oposa 600. Pamenepo ambiri anafunsa kuti, Mphatso yanga ndipereke ku Boma kodi, kapena ku mpingo ndi mabungwe acifundo? Tiyeni tiphunzire.

1. Za Boma. Pa Genesis 41 tiwerenga kuti Yosefe anasonkhanitsa dzinthu m'nkhokwe za Farao zaka 7, ndipo pofika njala Aigupto anapulumuka. Nchito yotere iposa mphamvu ya mudzi kapena mpingo. Boma ndilo liri ndi nkhokwe zazikuru, asilikari ndi magalimoto. Ndilo likonza milatho yokokoloka. Koma nkhokwe ifuna mlonda wokhulupirika. Kumbukirani njala ya 2002: inapeza cimanga ca m'nkhokwe za Boma citagulitsidwa kale, ndipo anthu ambiri anafa.

2. Za mpingo ndi mabungwe. Pa Macitidwe 11 Akristu a ku Antiokeya, atamva za njala, anasonkha yense monga anakhoza, natumiza kwa akuru a ku Yudeya mwa Barnaba ndi Saulo. Ubwino wa njira iyi ndi uwu: akuru a mpingo adziwa wamasiye ndi nkhalamba ndi maina ao, ndipo thandizo lifika msanga. Koma dzanja lao ndi lalifupi. Mudzi wina ulandira kawiri, wina osalandira konse. Ndiponso alipo ena okondera a mpingo wao okha, ngati kuti njala isankha.

3. Cimene ciposa zonse. Pa 2 Akorinto 8 Paulo sanafune kunyamula yekha ndalama za zopereka. Mipingo inasankha mbale woti apite naye, kuti pasakhale womnenera zoipa. Ngati mtumwi analola kuyang'aniridwa, ndani angakane?

Cifukwa cace musanapereke funsani zitatu izi: Adzanyamula ndani? Adzalandira ndani? Adzatiwerengera ndani zimene zagawidwa? Ufa, zobvala ndi zofunda ziyenera kwa akuru a pafupi, amene mudzawaonanso pa Sabata. Ndalama za misewu ndi milatho ziyenera ku Boma. Koma kuopa akuba kusatseke dzanja lanu, pakuti mbale wanu ali ndi njala lero lomwe.