Ndikaphunzire kuti kuphika?

Funso: Nsima ndi ndiwo ndimaphika bwino, koma ana atopa ndi zakudya zomwezomwezo. Ndilowe maphunziro ati? Mayi wa ku Malosa.

Yankho: Mayi, musathamangire ku Blantyre. Maphunziro a ku Malawi Institute of Tourism ndi a ofuna ntchito m'mahotela, pomwe inu mukufuna kudyetsa banja. Yambani mwafunsa ku Chilema, kwanu komweko, kumene mipingo ya Anglican ndi CCAP yakhala ikuphunzitsa amayi ntchito zapakhomo.

Mukafunsitse ngati ophunzira amagwira okha mthiko, osangolemba m'kope. Keke ya mu uvuni wamagetsi ikuthandizani chiyani ngati mumaphikira pa mbaula? Ine ndingasankhe kumene akuphunzitsa kasakanizidwe ka magulu 6 a zakudya, phala la soya, ndi chigumu chophika ndi makala pansi ndi pachivundikiro.