Gulosi Sibisa Kanthu

Mphwanga, poti wayamba kulandira maoda a matebulo ndi makabati oti azinyezimira, ndikutsine khutu msanga. Penti yosawala imakwirira zolakwika zambiri, koma gulosi imaulula zonse: pamene pulena inadumpha, pamene msomali unaboola, pamene unakwecha mwaulesi. Anyamata ambiri a ku Mchesi ndi ku Ndirande amaganiza kuti kuwala kumagulidwa m'chitini. Gawo lalikulu la ntchitoyi limatha chitinicho chisanatsegulidwe.

Yamba ndi thabwa lenilenilo. Paini amene timagula, kaya wa ku Chikangawa, ku Dedza kapena ku Zomba, nthawi zambiri amafika ali wamuwisi. Ukalinyamula thabwa lotere limalemera, limazizira m'manja. Ukalipaka penti lidzauma lili mkati, lidzafota, ndipo penti idzang'aluka molumikizira monse. Asanje matabwawo pamthunzi, uike timitengo pakati pake kuti mphepo izidutsa, udikire. Koma ukapatsidwa mlombwa kapena mbawa, mukambirane bwino ndi mwiniwake. Mitengo imeneyi ili ndi maonekedwe akeake, imafuna vanishi basi, ndipo kuikwirira ndi penti n'kuwononga chuma.

Paini ali ndi vuto lina, mfundo. M'mfundozo muli utomoni, ndipo kukatentha cha mu Okutobala umatuluka n'kusiya mawanga achikasu pakabati yoyera. Paka shelaki kawiri pamfundo iliyonse. Mitu ya misomali uikhomerere mkati, utseke mabowo ndi fila, ikauma ukweche.

Pokwechapo ndiye pagona nkhani. Ngati pulena yasiya mizere, yamba ndi sandipepa ya nambala 80, upite pa 120, kenako 180, umalize ndi 220. Usadumphe nambala, chifukwa iliyonse imafafaniza zokanda za inzake. Kwecha motsata mizere ya thabwa, osati mopingasa. Sandipepayo uikulunge pakachidutswa ka thabwa kosalala. Zala zokha zimakumba timaenje tosaoneka, timene tidzaonekere tsiku lopaka gulosi. M'mphepete mwakuthwa upitemo pang'ono kuti mufooke, poti penti sigwira pakuthwa, ndipo mpamene imayambira kusupuka. Ukaganiza kuti wamaliza, tseka chitseko, uyatse tochi ya foni, uigoneke m'mbali mwa tebulo kuti kuwala kuyende pamwamba pake. Udzaona timizere ndi timabampu timene maso anakunamiza masana. Bwereranso pamenepo. Ukatha, pukuta fumbi lonse ndi kansalu konyowa ndi tapentaini pang'ono.

Kenako pulaima. Ambiri amaidumpha pofuna kupulumutsa ndalama, thabwa n'kumwa gulosi yodulayo, pena kuwala pena mbuu. Ipake paliponse, ubwereze kumapeto kwa matabwa kumene macheka anadula, chifukwa kumamwa kwambiri. Ikauma thabwa limamveka ngati lamera tsitsi. Lisalaze mopepuka ndi nambala 320. Pamwamba pake pabwere andakoti ya mtundu woyandikira penti yomaliza, uikwechenso chimodzimodzi.

Tsopano tsegula gulosi. Itakase ndi kamtengo, usakhutchumule chitini, ungadzaze thovu. Isefe pasokosi yakale yopyapyala ya azimayi ija kuti zibuma zitsale. Ngati yalimba, thira tapentaini pang'ono, kapena chimene wopanga walemba pachitini. Za petulo ndi palafini usamvere: petulo amaumitsa penti isanadziyale, kuwala n'kufa, komanso ndi moto woyembekezera, palafini amaichititsa kumata masiku ambiri. Bulashi yotchipa imathothoka ubweya, ndipo ubweya umodzi pakati pa tebulo umawononga tsiku lonse. Gula yabwino imodzi, uziitsuka.

Viika nsonga yokha ya bulashi. Yala penti mopyapyala, kenako udutsemo kamodzi mopepuka kuyambira uku mpaka uko, mbali imodzi. Ukadutsa, pasiye. Penti yamafuta imadzisalaza yokha, ndipo kubwererapo itayamba kumata n'kumene kumasiya mizere. Kupaka kawiri mopyapyala kumaposa kamodzi kochindikala, kumene kumagwetsa misozi m'miyendo ya tebulo n'kukwinyika. Msozi ukaoneka mochedwa usaukhudze. Uume kaye, udzaukweche. Pakati pa kupaka koyamba ndi kwachiwiri papite tsiku lathunthu, ndipo usanapake komaliza pitamo ndi nambala 400 yonyowetsa ndi madzi.

Mdani wotsala ndi fumbi, ndipo malo athu ogwirira ntchito, m'mbali mwa msewu muja, ndi kwawo kwa fumbi. Sesa dzulo lake, waza madzi pansi, paka m'mawa mphepo isanayambe, mnzako asanayatse makina ocheka. Padzuwa ayi: penti imauma pamwamba pokha n'kutuluka matuza. Usiku pansi pa babu nakonso ayi, tizilombo timagweramo. M'nyengo ya mvula onjezera nthawi yodikira. Mawindo akhale otsegula, poti fungolo limapweteketsa mutu. Ndipo ngati ndi bedi la mwana, funsa penti yopanda mtovu, chifukwa ana amaluma m'mphepete.

Chovuta kwambiri ndi kasitomala. Adzabwera m'mawa mwake, n'kukhudza ndi chala, n'kunena kuti, “Yauma iyi, amisiri, ndinyamule.” Yauma pamwamba pokha. Penti yamafuta imatenga masabata kuti ilimbe mpaka mkati, ndipo chingwe chomangira pagalimoto chidzadinda mzere umene sudzachoka. Pouza munthu tsiku lodzatenga katundu, werengeratu masiku odikirawa. Pomanga, ika bulangete lakale pamene padutse chingwe, ndipo uwauze kuti, “Bwana, kwa masabata awiri musayalepo pulasitiki kapena kuikapo poto wotentha.”